Chishango Chimene Mkamwini Anataya

Kale, ku maiko ozizira a kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, panali munthu wina amene ntchito yake inali nkhondo. Anakulira pakati pa asilikali okwera pa akavalo, anthu ovala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kumutu ankavala chisoti chotseka nkhope yonse, chongosiya kampata ka maso. Pachifuwa chitsulo, m'mikono chitsulo, ngakhale zala zinali ndi tizitsulo take. Munthu akavala zonsezi ankaoneka ngati mphika wamiyendo, koma muvi unkangogunda n'kugwa pansi. N'chifukwa chake kwawoko anali atayamba kusiya chishango. Ankati wovala chitsulo alinso nalo chiyani thabwa? Manja onse awiri ankagwira lupanga lalitali, ndipo aliyense ankadziteteza yekha.

Mfumu imene ankaitumikira itagonja, munthu uja anathawira kumpoto. Kavalo anamufera m'njira, koma zovala zachitsulo sanazisiye. Anafika nazo kwa anthu a ngalawa, amene mabuku amawatcha Avaikingi. Kumeneko anapeza mkazi, nakhala mkamwini pamudzi.

Zida za anthu amenewa zinkamuseketsa, ngakhale ankangosekera mumtima poti anali kwa eni. Nkhwangwa yopita nayo kunkhondo sinkasiyana kwenikweni ndi yowazira nkhuni. Malaya a mphete zachitsulo anali nawo olemera okha, ena onse ankangovala chikopa ndi nsalu zokhuthala. Chimene munthu aliyense anali nacho ndi chishango chozungulira ngati lichero, cha matabwa opepuka, pakati pake pali kachitsulo koteteza dzanja. Koma eni mudzi zovala zachitsulo za mkamwiniyo ankazisirira. Ankabwera kudzagogoda pachifuwa, n'kumapukusa mitu, amvekere mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Iye ankamva kukoma. Kodi pali mkamwini amene samva kukoma akamatamandidwa kwa akazi ake?

Panali chinthu chimodzi chimene sankachidziwa. Anthu a ngalawa sankamenya nkhondo aliyense payekha. Ankaima mzere, phewa ndi phewa, zishango zitasanjikizana m'mphepete. Chishango chimagwidwa ndi dzanja lamanzere. Tsono munthu akakweza nkhwangwa ndi dzanja lamanja, nthiti zake za kumanja zimatsala pambalambanda. Chimene chinkaphimba nthitizo chinali chishango cha mnzake woima kumanja kwake. Motero kuuza munthu kuti aime kumanja kwako kunali kumupatsa moyo wako m'manja. Palibe ankafotokoza zimenezi. Mwana ankakula akuzidziwa, monga amadziwira kuti moto umaotcha.

Mkazi wa munthu uja anali ndi mchimwene wake mmodzi yekha, amene anamulera makolo atamwalira. Pamene ena ankakayika za mlendo wosadziwika kwawo, mlamu ameneyu ndiye anamuimira kumbuyo. Anamuphunzitsa kupalasa ngalawa, anamugawira malo omangapo nyumba. Tsiku lina anasema matabwa, nakuta chikopa m'mphepete, napaka utoto wofiira. Atamaliza anabweretsa chishangocho pamaso pa amuna anzake.

"Alamu, ichi n'chanu," anatero. "Tsiku la nkhondo likadzafika, mudzaime kumanja kwanga."

Amuna onse anakhala chete n'kuyang'anana, pakuti malo amenewo anali a bwenzi la paubwana la mlamuyo. Mkamwini analandira ndi manja awiri, nathokoza bwino lomwe. Chete uja anamuona, ndipo anadabwa pang'ono. Koma anachita manyazi kufunsa. Iye, munthu wobadwira m'nkhondo, afunse asodzi za nkhondo? Anangoti ndi ulemu wa pachilamu, nakachipachika pakhoma. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Tsiku lija linafikadi. M'mawa wina kunaoneka ngalawa za adani, anthu odzalanda ziweto ndi kuotcha nyumba. Amayi ndi ana anayamba kukwera phiri. Mkazi wa mkamwini uja anatsalira pang'ono kuti amumange zingwe za kumsana, chifukwa zovala zachitsulo munthu savala yekha. Atamaliza anatsitsa chishango pakhoma, nachilowetsa yekha m'dzanja la mwamuna wake. Anamupempha kuti abwerere onse awiri, iye ndi achimwene. Mwamunayo anavomera ndi mtima wonse, ndipo chishangocho anachitenga pofuna kungosangalatsa mkazi.

Amuna anaima mzere pampata wa pakati pa thanthwe ndi mtsinje, pamene njira inkalowera m'mudzi. Mkamwini anaima kumanja kwa mlamu wake monga anauzidwira. Adani anayandikira akufuula. Pamenepo chishango chinayamba kumusautsa. Lupanga lake linali lofuna manja awiri, ndipo ndi dzanja limodzi linkamulemera.

Ndisamunamizire munthuyu. Sanali wamantha, sanalinso woipa mtima. Mumtima mwake munali chikondi pa mlamu wake, ndipo ankafuna kubweza zabwino zonse tsiku lomwelo. Anaganiza kuti akagwira lupanga bwino agwetsa adani ambiri, mudzi upulumuka, ndipo okayika aja asowa chonena. Anadziyang'ana pachifuwa. Panalibe polowera mkondo. Ndiye anamasula dzanja, nagwetsa chishango pansi, nasuntha patsogolo.

Mlamu wake sanacheukire kumanja. Chiyambire kupita kunkhondo anali asanacheukireko kumeneko, chifukwa nthawi zonse kunkakhala munthu. Anakweza nkhwangwa yake monga mwa masiku onse.

Mkamwini anamenya nkhondo yoti anthu akanaisimba zaka zambiri. Mikondo inkaterereka pachifuwa pake, nkhwangwa zinkangolira pachisoti. Adani ataona kuti munthu ameneyu sagwa, anataya mtima n'kuthawira ku ngalawa zawo. Iye anatsegula chisoti akupuma mwawefuwefu, ali ndi chimwemwe chachikulu, natembenuka kuti aone nkhope ya mlamu wake. Anaona amuna atagwada mozungulira. Mlamu anali gone pansi, mkondo utalowa m'munsi mwa mkhwapa wa kumanja. Chapafupi pomwepo panali chishango chofiira chija, chopanda ndi kachipsera komwe.

Palibe anamukalipira. Ananyamula maliro mwakachetechete, ndipo bwenzi la paubwana lija ndi limene linatola chishango, n'kukachitsamiritsa pakhomo pa mkamwini. Zimenezi zinamupweteka mkamwiniyo kuposa kutukwanidwa, koma ankaganizabe kuti ndi tsoka la nkhondo chabe.

Mkazi wake anatsika kuphiri, nalira mchimwene wake mpaka mawu anatha. Kenako anabwera kudzamasula zingwe za kumsana, poti panalibe wina woti amasule. Anachotsa zitsulo chimodzichimodzi. Thupi la mwamuna wake linali losalala, lopanda bala. Maso a mkaziyo anapita pa chishango chili pakhomo, ndipo anafunsa chifukwa chake chinalibe ndi chipsera chomwe. Mwamuna anayankha zoona, kuti anachigwetsa nkhondo isanayambe.

"Sindinkachifuna," anatero. "Taonani nokha, ine chitsulo chinandikwanira."

"Ndikuona," mkazi anayankha motsitsa mawu. "Achimwenenso ankadziwa kuti muli ndi chitsulo. Chishango chija sichinali choteteza inu. Iwo anakusungitsani nthiti zawo."

Munthu uja anakhala pansi. Apa ndi pamene anamvetsa chete wa amuna aja tsiku lolandira mphatso, ndipo analira kulira kumene sanalirepo chibadwire. Anali atapambana nkhondo, thupi lake lili bwinobwino, koma munthu amene anamulandira pamudzipo anali atafa pamalo pamene iye anasiya mpata.

Tsono inu amene mwamva, nkhaniyi si ya anthu a ngalawa okha. Pakati pathu alipo ovala chitsulo. Wina anakumba chitsime pakhomo pake, ndiye mjigo wa mudzi ukawonongeka amati sizikumukhudza. Wina thupi lake ndi lolimba, matenda akabuka amati ine sindidwala, n'kusiya kudzisamala, kuiwala kuti m'nyumba mwake muli khanda ndi nkhalamba. Sanama ayi, iwo alidi bwino. Koma pali zinthu zina zimene tinapatsidwa kuti tinyamule ngakhale ife eni ake sitikuzifuna, ndipo amene amazidalira nthawi zambiri satiuza, chifukwa amatikhulupirira.

Chikakulemerani chimene munanyamula, musanachigwetse, yambani mwacheukira kumanzere muone amene waima pamenepo.