Telala Amene Ankasoka Nyimbo

Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala chaka chatha, telala wina wa ku Balaka analephera kumaliza kanyimbo ka mphindi imodzi, anthu makumi atatu akumuonera pa foni.

Munthuyu ankaphunzira gitala wa nsambo zofewa, uja amaimba ndi zala maso ali papepala la manotsi. Sukulu yake inali gulu la pa intaneti. Mwezi uliwonse aphunzitsi, Mayi Kadzamira, ankatumiza kanyimbo kophunzirira. Aliyense ankakayeserera kwawo, n'kujambula mawu ake pa foni, n'kutumiza kuti onse amve. Lamulo linali limodzi: kujambula kamodzi, kuyambira poyamba mpaka pothera, osadula. Mayiwo ankati amafuna kumva pamene munthu wapunthwa, chifukwa ntchito yawo ili pamenepo.

Telalayu anali napo popunthwira pake. Dzanja lamanzere likamatsetsereka pakhosi pa gitala, chala chaching'ono chinkafika mochedwa, nsambo n'kulira ngati chitseko chadzimbiri. Analimbana napo masiku atatu, n'kutopa. Koma anali munthu wa sizasi. Anazindikira kuti foni imatha kudula mawu monga iye amadulira nsalu. Ndiye masana, makasitomala akachepa, ankajambula kakhumi, n'kutenga mutu apa, mchira apo, n'kulumikiza mwaluso, msoko osaoneka. Povuta paja ankapaimba paokha, dzanja atalikhazika kale pamalo pake.

Gulu linamutamanda. Aphunzitsi analemba kuti sakupeza chokonza.

Zikanathera pomwepo, tikanangomumvera chisoni. Koma m'gulumo munali namwino wa ku Dedza, Mayi Nachisale, amene ankapunthwa pamalo omwewo, ndipo ankatumiza nyimbo yawo momwe yatulukira. Telala uja anawalembera pagulu, onse akuwerenga.

"Mayi, musamatitopetse makutu. Muziyamba mwakonza musanatumize."

Amene ananena mawu amenewa anali ndi zidutswa zisanu ndi zinayi zobisa mufoni mwake. Mwezi wotsatira namwinoyo anatumizanso, zolakwa zili momwemo. Aphunzitsi anawalangiza kuti atsitse chala chachikulu kuseri kwa khosi la gitala, amasule chigongono, ndipo maso azifika kumene dzanja likupita dzanjalo lisananyamuke. Malangizowo anali pagulu, aliyense akanatha kuwerenga. Telala sanawawerenge. Ankati amenewo ndi a anthu opunthwa.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, inakwana nthawi yosankha olowa kalasi yapamwamba, imene telala ankailakalaka, moti anali atauza kale mkazi wake ndi anzake a pakhonde la sitolo kuti malo ake alipo. Tsikulo aliyense anayenera kuimba pomwepo, nkhope ndi manja zikuoneka. Iye anayamba bwino. Atafika potsetsereka dzanja paja, chala chinachedwa. Anayambiranso, chinachedwanso. Kachitatu anangoima, dzanja lili m'malere, chifukwa manja ake anali asanaolokepo malo amenewo chiyambire.

Mayi Kadzamira sanakweze mawu.

"Bambo, vuto ili ndi la masabata awiri. Inu mwandibisira miyezi isanu ndi itatu."

Mayi Nachisale anaimba pambuyo pake. Anaphonya kamodzi chakumapeto, osaima, n'kumaliza.

Abale, ambiri a ife timabwera kwa Mulungu ndi moyo wosokedwa chonchi. Timadula ukali wa Lachiwiri, timadula bodza la Lachinayi, n'kulumikiza Lamulungu ndi Lamulungu linzake, msoko osaoneka. Pemphero lathu limatuluka losalala. Tikatero timatembenukira mnzathu amene waulula kufooka kwake poyera, n'kumamunena kuti akuchititsa manyazi mpingo. Kumeneko si kufooka ayi, ndi nkhanza, ndipo tisakupatse dzina lina. Mulungu sitingamunamize monga ananamizidwira aphunzitsi aja. Iye amamva zidutswa zonse. Koma chimene sitifuna kuvomereza pamaso pake chimakhalabe m'manja mwathu chosakonzedwa, kudikira tsiku limene tidzaimbe popanda sizasi.

Mayi Nachisale ali m'kalasi yapamwamba. Telala anabwezedwa ku kanyimbo koyamba, ndipo anauzidwa kuti akatumize ndi zolakwa zake zonse. Kupepesa kwa namwino uja sanapepese, ndipo mpaka lero sanatumize kanthu.