Tsekera wa Namaseko

Kale, dambo la kwa Mlauzi lisanagawidwe madimba, kunafika nkhosa yachilendo dzina lake Namaseko. Anachokera kumapiri ouma ndi kamwana kake kamodzi. Anapempha malo odyetserako mwanayo, kuti chilimwe chidzamupeze ali ndi mchira wonona. Pajatu nkhosa imasunga mafuta kumchira, ndipo mwana wa mchira wowonda saiona mvula ina.

Masiku amenewo dambolo linali lokongola. M'mphepete mwa madzi munali kapinga, udzu waufupi wofewa, ndipo akakowa ankayenda pakati pa ziweto mopanda mantha. Koma nkhosa za kumeneko sizinafune kugawana kapingayo ndi mlendo.

"Kwerani kumtunda uko, mayi," inatero nkhosa yamphongo yotsogolera. "Kuli tsekera wofika m'khosi. Mudya mpaka kutopa."

Namaseko anathokoza mpaka kugwada. Kwawo udzu wautali chotere ankangoumva.

M'gulumo munali Nangondo, nkhosa yamanyazi imene inkadya kumapeto nthawi zonse. Iye ankadziwa kuti tsekera akakhwima amadzaza mimba koma saika mnofu. Anafuna kunena, koma chifukwa cha manyazi anangopitiriza kudya.

Mwezi utatha, ana a m'dambo anali kudumpha ndi michira yolemera. Mwana wa mlendo anali ndi mimba ngati ng'oma, miyendo ngati bango. Nangondo zinamupweteka, ndipo anakwera kumtunda.

"Pepani anzanga," anatero akuyang'ana pansi. "Udzu uwu sukumukuza mwanayu. Bwerani naye ku kapinga."

"Kaudzu kosabisa ndi chiboda komwe?" anaseka Namaseko. "Kwathu udzu ukafupika timadziwa kuti njala yafika. Onani mimba yakeyo, wakhuta."

"Nanga mchira?"

Namaseko anacheuka n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Mchirawo unkangolendewera ngati chingwe. "Ndiye akatilola kumeneko?" anafunsa motsitsa mawu.

"Malo anga ndi anga. Mwana adye pamenepo, ine ndidya kuno."

Nkhosa zina zinamunyogodola. "Nangondo wasanduka mlendo kwawo komwe," zinkatero. Iye ankangoweramira tsekera wake, kutafuna mapesi olimba aja.

Mwana uja anayamba kusintha pang'onopang'ono. Mimba inaphwa, ubweya unasalala, ndipo mchira unayamba kulemera. Sanawapeze anzake pamsinkhu chifukwa mwezi uja unali utamudyera, koma miyendo yake inalimba. Udzu utauma, iye anali m'gulu la ana amene anapirira.

Amene anaonda anali Nangondo. Nthiti zinkawerengeka, ndipo mwera wa mu Juni utayamba kuomba ankanjenjemera m'mawa uliwonse. Sanadandaule kwa wina aliyense.

M'mawa wina anadabwa kuti mphepo sikumufika. Atakweza mutu anaona Namaseko atagona mbali yochokera mwera, thupi lake litamutchinga. Mlendoyo ankangobzikula, maso ali kutali, ngati wagona pamenepo mwangozi. Anachita chimodzimodzi tsiku lililonse mpaka nyengo yozizira itatha.

Phunziro: Chokuza mwana si kuchuluka kwa chakudya koma ubwino wake. Ndipo ukaona mnzako akulakwitsa chifukwa chosadziwa, nena msanga, pakuti manyazi ako amalipira ndi mwana.