Boti la a Abbas pa ukwati wa Ruqayya

Ku Zingwangwa, cha kumunsi kwa msika, kulibe dalaivala wa minibasi amene sawadziwa a Abbas omata matayala. Manja awo ndi amphepo. Ukangoimika galimoto, usanamalize n'komwe kudandaula za msomali, iwo achotsa kale chubu, achiviika mu mgolo wa madzi, aona potuluka thovu, amata. Vuto n'lakuti liwiro limenelo linawalowa m'mutu, mpaka anayamba kuganiza kuti chilichonse chokhala ndi mpweya m'kati ndi mng'ono wake wa chubu.

Mwana wawo Ruqayya anali pafupi kukwatiwa ndi Hamis, mnyamata wa ku Naperi. Akuchimuna anali atadzitama kale ndi magalimoto okongoletsa, ndipo a Abbas sanafune kuoneka ngati bambo wongobwera kudzadya mpunga. Tsiku lina anatulukira pakhomo atasenza chimtolo chomwe anachipeza pa kaunjika ku Limbe. Atachitambasula pabwalo, linali boti lopopa mpweya, lofiira psuu, long'ambika m'mbali kutalika ngati chikhatho.

"Akwati akachoka kumzikiti, akajambulitsa m'boti ili pa damu la kumalo a maluwa kuja," anatero. "Wopalasa ndine. Tione ngati magalimoto a ku Naperi amayenda pamadzi."

Ruqayya anavina ndi chimwemwe, nkhani n'kuiwanditsa kwa anzake onse. Koma mayi ake, a Mwanamisi, anaimitsa makina osokera. Iwo ndiwo ankasoka diresi loyera la mwana wawoyo, mkanda umodziumodzi ndi singano, mpaka maso kuwawa. Mwana wamkazi anali yekhayo, diresinso linali lokhalo.

"Bambo a Ruqayya, pong'ambikapo mwapaona chifukwa ndi papakulu," anatero mayiwo. "Nanga timabowo tobisala? Mu mgolo wanu uja silingalowe. Lipopeni, mulipake thovu la sopo ponseponse, mulisiye ligone chopopa, tione ngati litadzuke lili lolimba."

"Mayi, ine ndamata matayala a mathiraki opita ku Beira. Kachidole aka kandiphunzitse ntchito? Inu sokani diresi, za mpweya musiyire eni ake."

Anadula chigamba cha chubu chakale, anakwecha ndi sandipepa, anapaka guluu wa matayala, n'kukanikiza ndi chidendene. Guluuyo asanaume anali atalumikiza kale kompuresa. Boti linafufuma ngati mandasi m'mafuta. Analimenya mbama, linalira ngati ng'oma.

"Mwamva? Limeneli likhoza kukafika ku Nsanje!"

Pomwepo analiphwetsa, kulipinda, n'kulikankhira kunsi kwa bedi, ati ana a m'dera angaliboole. Ntchito yonse inatha tiyi wawo asanazizire. Ruqayya anafunsa mwaulemu, "Ababa, osaliyesako pamadzi kaye?" Iwo anangoseka, amvekere munthu sayesa mchere pa nyama yoti waphika yekha.

Tsiku la ukwati linafika, dzuwa lili phwee. Shehe atamanga ukwati kumzikiti, khamu lonse linakhamukira kudamu. A Abbas, atavala mkanjo watsopano ndi kofia yopeta, anapopa boti anthu akuonerera, chifuwa chili patsogolo. Ruqayya analowa mosamala, anzake atamugwirira diresi. Hamis anakhala pambali pake. Azimayi analulutira, mafoni onse m'mwamba, ndipo ngakhale akuchimuna anavomereza kuti apa ndiye apongozi aganiza.

Kunena zoona, poyamba zinakoma. A Abbas ankapalasa monyadira, akumwetulira kumtunda ngati ulendo wa pamadzi anabadwa nawo. Atafika pakati, Hamis anatchera khutu.

"Ababa, kukumveka kaphokoso."

"Ndi mphepo imeneyo, mwana wanga. Yang'ana kwa wojambula."

Inalidi mphepo, koma yochokera m'boti. Inkatuluka m'timabowo ta mumsoko wapansi, tating'ono ngati pobaya singano, pamalo pomwe a Abbas sanaponyepo diso ngakhale kamodzi. Boti litayamba kufewa, chigamba chija nacho chinayamba kumatuka m'mphepete, pakuti guluu wa matayala ndi pulasitiki sizinagwirizanepo chiyambire. Kenaka chinangoti fwaa! kutseguka chonse.

Abale inu, boti lija linapindika pakati ngati mphasa. Mwayi wake damulo ndi losazama, madzi ake olekeza m'chiuno, koma pansi pake ndi thope lakuda lonunkha ndowe za abakha. Hamis anayesa kunyamula mkazi wake, anaterereka, onse awiri phava! A Abbas anaimirira chopalasira chili m'manja, kofia ikuyandama kulowera kwa abakha, akukuwa kuti, "Musadandaule, n'zazing'ono!" Kumtunda nthungululu zinasanduka phwete. Palibe anatsitsa foni.

Ruqayya anatuluka m'madzi diresi lili bii, mikanda ikuyoyoka m'matope. A Mwanamisi anamuthamangira. Anavula chitenje chawo chapamwamba, anamufunditsa mwana wawo, n'kuyamba kumupukuta nkhope ndi mpango. Ku holo ya madyerero anthu anali akudikira kale, ndipo mkwatibwi amene anakonzekera kulowa atavala zoyera anakalowa atavala chitenje cha mayi ake ndi bulauzi yobwereka.

Ruqayya asanakwere galimoto kudamu kuja, a Abbas anamuyandikira akudontha madzi.

"Mwana wanga, chigambacho chinali chabwinobwino, kungoti..."

Ruqayya anawayang'ana, misozi ili lengelenge, koma pakamwa pakufuna kuseka.

"Ababa, tayala likaphwa munthu amabweranso mawa kudzamatitsa. Ine ndibwerenso liti?"

Apa a Abbas anazyolika. Zinawapweteka kuposa kuseka konse kwa akuchimuna, chifukwa zonsezi anachitira kukonda mwana yemweyo, ndipo chomwe chinasowa sichinali luso kapena chikondi ayi, koma kukhala pansi n'kudikira. Anakhala pamwala m'mbali mwa damu, akufinya mkanjo, magalimoto a ku Naperi akunyamuka mmodzimmodzi. Paja akuluakulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.