Mgolo Wachiwiri wa Nankhoma

Panali mayi wina ku Dedza, dzina lake Nankhoma, amene ankafulula mowa. Sunali masese ayi. Unali mowa wa m'mabotolo, wofululidwa ndi chimera cha barele chokazinga, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Fakitale yake inali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba, ndi migolo iwiri yachitsulo.

Tsiku lina mwini malo ogona alendo kufupi ndi phiri anaitanitsa mowawo, migolo yonse iwiri. Aka kanali koyamba kuti munthu wa bizinesi amukhulupirire. Mowa ukakoma, dzina lake lidziwika. Ukaipa, sadzamuitananso, ndipo mbiri yoipa sichedwa kuzungulira tauni.

Nankhoma anali atalawa mowawo tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu, mpaka lilime lake linaleka kumuuza zoona. Mgolo wachiwiri unkamukayikitsa, koma mtima sunkafuna kuvomera. Choncho Loweruka masana anaitana anthu awiri kuti adzalawe: amalume ake ndi mlamu wake.

Amalumewo anakulira m'mabwalo a mowa, kumene chikho chimodzi chimazungulira anthu khumi ndipo wochedwa amapeza matsokwe. Anaphunzira kumeza msanga. Anaphunziranso mwambo wathu uja, woti mowa wopatsidwa sunyozedwa. Tambula ya mgolo woyamba anaigugudiza thovu lisanatsike. Ya mgolo wachiwiri chimodzimodzi.

"Iwe Nankhoma, uwu ndiye mowa! Yonse iwiri ndi moto. Tumiza mawa lomwe."

Nankhoma anakondwa. Ndani sakondwa akayamikiridwa?

Mlamu uja anali kalipentala, munthu wosayankhulayankhula. Anakweza tambula yoyamba ku dzuwa n'kuyang'ana mtundu wake. Ananunkhiza. Anapsontha pang'ono, nausunga m'kamwa, kenaka n'kumeza. Anakhala phee mpaka amalume anayamba kumuseka kuti kodi akupemphera.

"Alamu," iye anatero, "uwu ukuyamba ngati chimanga chokazinga. Pakati pali kutsekemera kwa shuga wopserera pang'ono. Kumapeto kukubwera kuwawa, koma kwaulemu, kokuitana kuti umwenso. Sindinamwepo wotere."

Anaimaliza pang'onopang'ono, akumwetulira yekha. Atatero anatsuka m'kamwa ndi madzi, natenga tambula ya mgolo wachiwiri. Anapsontha kamodzi. Anapsonthanso. Anaiika pansi.

"Uwu wayamba kusasa. Lero zikubisala, koma sabata ikatha mlendo aliyense adzazimva. Musautumize."

Amalume anakwiya kwambiri. "Mwamwa waulere, ndiye mukunyozanso? Kwanu anakulerani choncho?"

Mlamuyo anachita manyazi, pakuti analidi atalumpha mwambo, ndiponso pa khomo la eni. Koma mawu ake sanawabweze.

Nankhoma zinamupweteka. Milungu itatu ya ntchito inali mu mgolo umenewo. Anatenga tambula ija imene mlamu wake anaiika pansi, namwa mmene iye anamwera, mosathamanga. Kusasa kuja kunalipodi, kumbuyo kwa lilime. Anapita kuseri, natsekula mpopi wa mgolo wachiwiri, ndipo mowa wonse unayenda mu ngalande iye akuyang'ana, misozi ili m'maso.

Kwa mwini malo uja anatumiza mgolo umodzi wokha, ndi mawu opepesa. Alendo anaumwa n'kufunsa kuti wafulula ndani.

Kuchokera pamenepo, mowa ukapsa, Nankhoma ankaitanabe onse awiri. Amalume ankawathirira tambula yodzaza, monga kuyenera munthu wamkulu. Koma sanawafunsenso kuti mowa uli bwanji.

Tsono inu aphunzitsi atsopano, Lolemba muyamba kulandira makope a ana a eni. Ine ndachonga makope zaka makumi atatu, ndipo ndikuvomera kuti masiku ambiri ndinali amalume aja. Ndinkalemba "wakhoza" ndisanafike pansi pa tsamba, n'kumadziyesa munthu wachifundo. Sichinali chifundo, unali ulesi, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma taonani, kalipentala uja asanatsine khutu anayamba wakhala pansi n'kumva kukoma konse, nakutchula chimodzichimodzi. N'chifukwa chake atanena za kusasa anamveka. Mwana akakupatsani ntchito yake, musaigugudize. Iwerengeni mpaka mudziwe pamene yakoma ndi pamene yasasa, ndipo mumuuze zonse ziwiri. Mukapanda kutero adzapitiriza kukupatsani kope, poti ndi lamulo la sukulu, koma tsiku limene adzafune kumva zoona adzapita kukafunsa wina.