Mkamwini Amene Anapempha Chipata

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Zuze, agogo awo a amayi anga. Zuze sanali wa pano, ayi. Anali mkamwini. Kwawo kunali tsidya lija la mtsinje, kumene mumaona utsi m'mawa, ndipo kumeneko anasiya mlongo wake Nankhoma ndi ana, mbumba yake. Malire a mayiko analipo kale pamtsinje womwewo, koma ndani ankawalabadira? Munthu ankangokwinya nsalu n'kuwoloka padooko.

Chaka china kunabwera anthu a boma oyeza misewu. Anati akufuna kumanga mlatho ndi chipata chatsopano cha malire, ndipo malo abwino anawapeza pano, pamadimba athu. Sanatikakamize, ana inu. Anatifunsa bwinobwino ngati tikuvomera.

Pabwalo la msonkhano anthu anayamba kung'ung'udza za madimba. Zuze anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Eni mudzi, pepani, ndilankhuleko. Chipata chikapita kwina, dooko lathuli adzalitseka. Ndiwo zamasamba tingathe kulima kumtunda, koma abale athu tizidzawaona bwanji?"

A Chidzanja, malume ake a mkazi wa Zuze, anaseka mpaka kutsokomola.

"Tamvani akamwini! Munabwera ndi khasu lokha, lero mukugawa madimba a eni ake? Kapena mukufuna msewu wothawira kwanu? Takhalani pansi!"

Kodi alipo anamuikira kumbuyo? Palibe. Ngakhale mkazi wake anangoyang'ana pansi. Anaseka makolo athu, anaseka, n'kuchikana chipatacho, oyeza misewu n'kunyamula zida zawo kumapita.

Chipatacho chinakamangidwa kutali, kuseri kwa mapiri aja. Ndipo monga ananenera Zuze, padooko panafika asilikali ndi lamulo lakuti aliyense azidzera kuchipata.

Tsiku lina masana munthu anakuwa kutsidya: "Auzeni a Zuze, mlongo wawo watsala madzi amodzi!"

Zuze anataya khasu m'munda n'kuthamangira kudooko. Msilikali anamutchingira.

"Bwana, mudzi wake ndi uwo, denga lake ndi ilo. Ndingokamuona, ndibwerera dzuwa lisanalowe."

"Bambo, ndikakulolani ntchito yanga yathera pomwepa. Kadzereni kuchipata."

Anayenda Zuze, anayenda. Anayenda chokwera mtsinje, kwawo akukusiya kumbuyo. Atawoloka pachipata, anayendanso chotsika, mapazi atatupa. Nanga anapeza chiyani? Anapeza okumba manda akutsuka makasu. Mwini mbumba, woyenera kuloza pogona mlongo wake, anangopeza mtumbira wa dothi lofiira.

Mwana wamkulu wa malemu anamugwira dzanja. "Malume, amayi ankangofunsa kuti, 'Achimwene awoloka?' Ife tinkati ali m'njira. Atsikira kulichete maso ali pakhomo."

Zuze sanabwerenso kuno. Anangotumiza mawu kudzera mwa wogulitsa mchere: "Mukawauze eni madimba azilima bwino." Mkazi wake anakalamba akuyang'ana kutsidya, ana anakula opanda bambo, ndipo a Chidzanja mpaka imfa yawo ankanenabe kuti mkamwini uja anali wamwano. Ine nkhani imeneyi imandipsetsa mtima. Munthu ananena zoona dzuwa likuswa mtengo, ife n'kumukana chifukwa mchombo wake unagwera kwina.

Mumadabwa kuti n'chifukwa chiyani pabwalo lathu akamwini ndi atengwa amayamba kulankhula, eni mudzi tili chete? Chiyambi chake n'chimenechi. Tsono ndamva kuti oyeza misewu abweranso, akukonza zipata zatsopano, ndipo aitanitsa msonkhano. Mukapite nonse. Wina akaimirira kuti alankhule, mumve kaye mawu ake, musayambe mwafunsa kuti kwawo n'kuti. Makolo athu anafunsa zimenezo, ndipo mpaka lero palibe mmodzi wa ife amene anaonapo manda a agogo athu.