Adani Atatu Amene Anadwazika a Kachingwe

Kalekale, msewu wa kwathu usanaone phula, pamudzi wa Mtsirizeni panali tchalitchi chofolera udzu, ndipo kuseri kwake kunali nkhokwe ya mpingo. Chaka ndi chaka, akakolola, Akhristu ankathiramo chimanga kuti miyezi ya njala ikafika amasiye, nkhalamba ndi odwala apeze pogwira. Nkhokweyo inali ya njerwa, ya chitseko ndi loko, ndipo kiyi wake ankasunga mkulu wa mpingo wina, dzina lake Yotamu Kachingwe.

A Kachingwe sanabepo ngakhale njere imodzi. Koma anali munthu wouma mtima. Wina akabwera ndi dengu, ankayamba amufunsa kaye: "Lamulungu lapitali unali kuti? Mwamuna wako anasiya kachasu?" Ambiri ankabwerera dengu lopanda kanthu, misozi ili m'masaya. Eni akewo ankati akuteteza za Mulungu. Akazi awo anamwalira kale, ana awo aamuna anatchona ku Joni, motero ankakhala okhaokha, ndipo sankaona vuto kukhala opanda bwenzi.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale, mvula itagwa masiku ambiri osakata, a Kachingwe anagwa pakhomo pa nkhokwe dzuwa lili paliwombo. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka, lilime linalemera ngati mwala. Ankaona zonse, ankamva zonse, koma mawu osatuluka. Anthu anabwera nawazungulira. Ali gone m'matopemo anamva wina akunong'ona kuti, "Zawapeza." Mapazi anali ambiri, koma wowerama panalibe.

Woyamba kuwerama anali a Filimoni Gwaza, mwini ngolo yokhayo pamudzipo, amenenso ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. A Gwaza anakhala akusirira kiyi wa nkhokwe kwa zaka zambiri, ndipo nthawi ina anawanenera a Kachingwe kwa Abusa kuti akugulitsa chimanga cha amasiye, nkhani imene inapezeka kuti ndi yabodza. Kuyambira pamenepo awiriwa sankapatsana moni. Koma tsikuli a Gwaza anamanga ng'ombe zawo, nakweza wodwalayo m'ngolo, ulendo wa kuchipatala cha mishoni kutsidya kwa mtsinje. Mtsinje unali utadzaza. Anthu anakuwa ali pamtunda kuti abwerere, iwo analowa ndithu. Pakati pamadzi ng'ombe imodzi inaponda pamwala nithyoka mwendo. A Gwaza anawabereka a Kachingwe kumsana, madzi ali m'khosi, nawoloka nawo, nayenda nawo wapansi mpaka kuchipatala. Adokotala anati akanachedwa pang'ono akanabweretsa maliro. Ng'ombe ija anaipha tsiku lomwelo, ndipo ngolo inaola pamchenga chifukwa ng'ombe imodzi siikoka.

Koma a Gwaza sanalole kuti munthu aiwale. Lamulungu lililonse akapatsidwa pemphero ankayamba motere: "Ambuye, inu mukudziwa ng'ombe yanga imene ndinapereka chifukwa cha mdani wanga." Akabwera kudzazonda, ankabwera ndi anthu oti aone, naimirira pakhomo osakhala pansi.

"Mwaswera bwanji, akulu a mpingo? Msana uwu ukupwetekabe, koma musadandaule. Kodi kiyi uja munaika pati?"

A Kachingwe ankangotembenukira kukhoma, dzanja lamoyo lija litafumbata kiyi pansi pa bulangete.

Wachiwiri anali Nachisale, mayi wa pakamwa, wogulitsa zitumbuwa pamsika. Chaka china a Kachingwe anamuimika pamaso pa mpingo wonse chifukwa chokazinga zitumbuwa tsiku la Mulungu, ndipo anamumana chimanga nyengo yonseyo. Wodwala atabwerera kumudzi, amayi a mpingo anagwirizana zoti azisinthana kupereka chakudya. Sabata yoyamba anabweradi. Njala itakula, m'modzi m'modzi anayamba kusowa, aliyense ndi chifukwa chake. Anatsala ndi Nachisale. M'nyumba mwake ufa unali wa m'munsi mwa thumba, ana ake ankadya kamodzi patsiku, koma m'mawa uliwonse ankabwera ndi phala la mgaiwa, nthawi zina lothira nsinjiro, nawakhazika tsonga, nawadyetsa ndi sipuni. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, sanajombepo.

Koma sipuni iliyonse inkabwera ndi mawu ake.

"Yasamulani, a chilungamo. Phala ili ndi la zitumbuwa za Lamulungu, kaya mumeza? Ehe, mwameza. Onani dovu mpaka pachifuwa, ngati khanda. Pakamwa paja munkandilalatira napo ndi pomwepa?"

Akachoka ankadzera pachitsime, nafotokozera amayi onse mmene mkulu wa mpingo akutayira phala, mpaka kupotoza pakamwa pake kuwatsanzira. Kuseka kwawo kunkamveka mpaka m'nyumba ya wodwala. A Kachingwe anayesapo kutseka pakamwa kuti bola afe ndi njala. Nachisale anawatsina mphuno mpaka anayasamula.

Wachitatu anali Nangondo, mayi wamasiye wachikulire, wosalankhulalankhula. Iyeyu anali ndi mwana m'modzi yekha, mtsikana dzina lake Tiyanjane. Mtsikanayo atatenga pathupi asanakwatiwe, a Kachingwe ndiwo anatsogolera zomudula mumpingo, ndipo atabwera ndi dengu mimba ili kutsogolo, anamubweza. Chifukwa cha manyazi ndi njala Tiyanjane anapita kukagwira ganyu ku esiteti ya fodya, ndipo anamwalira komweko pobereka, pamodzi ndi mwana. Nangondo sanasiye kupemphera, koma kuyambira maliro aja sanayang'anepo a Kachingwe kumaso.

Tsono wodwala wotere amadziipitsira pogona. Amuna a mpingo anayesa kulowa, fungo linawabweza pakhomo. Kumsana kunayamba zilonda, ntchentche zinadzaza nyumba. Tsiku lina masana Nangondo analowa ndi ndowa ya madzi ofunda, sopo ndi nsanza. Anawavula, nawasambitsa thupi lonse, natsuka zilonda, nawatembenuza, nachapa zofunda kumtsinje. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Anthu anamunena kuti mayi wamanyazi sasambitsa mwamuna wosakhala wake, ena anasiya kudya naye mbale imodzi. Iye anapitirizabe kubwera. Manja ake anali ofatsa, ndipo pachitsime sanatchulepo kanthu ka zimene ankaona m'nyumbamo. Zilonda zinapola.

Koma tsiku lililonse akamaliza, ankagwada pafupi ndi khutu lawo nanena motsitsa mawu:

"Musafe, a Kachingwe. Sindinakukhululukireni, ndipo sindidzatero. Ndikufuna mukhale moyo nthawi yaitali, muzigona apa mukukumbukira Tiyanjane."

Mwa atatuwa, amene a Kachingwe ankamuopa kwambiri anali ameneyu. Akamva ndowa ikulira pakhomo, ankatsinzina ngati ali m'tulo.

Chimanga chitacha, lilime linayamba kumasuka. Pofika nthawi yokolola ankatha kuyenda ndi ndodo akukoka mwendo, ndi kulankhula mawu m'modzim'modzi. Koma chaka chimenecho mvula inakokolola minda yambiri, ndipo aliyense ankaona kuti njala ikubwerayo iposa yapitayi. Wosunga kiyi ndiye adzanene woti adye ndi woti abwerere. Abusa anaitanitsa mpingo wonse mapemphero atatha, nakhazika a Kachingwe pampando kutsogolo.

"Akulu a mpingo," anatero Abusa, "ntchito ya nkhokwe simungaithenso. Mwambo wathu ndi woti wotula udindo amatchula womulowa m'malo, mpingo n'kuvomereza. Anthu atatu anakutumikirani pamene enafe tinakuthawani. Ine ndemwe ndinangobwera kudzapemphera, n'kutuluka msanga. Tchulani m'modzi mwa atatuwa."

A Kachingwe asanatsegule pakamwa, a Gwaza anali ataimirira kale.

"Abusa, nkhaniyi ndi yosachita kufunsa. Pakanapanda ine, amayi awa akanadyetsa ndani? Akanasambitsa ndani? Mtembo? Ine ndinaika moyo wanga m'madzi. Ndinali ndi ngolo, lero ndimasenza pamutu ngati wina aliyense."

"Tsiku limodzi!" anakuwa Nachisale osadikira kupatsidwa mpata. "Munanyowa tsiku limodzi, ife takhala tikumva za ng'ombe yanuyo mpaka makutu kuwawa. Ngakhale Mulungu watopa nayo. Munawanyamula munthuyu kapena munanyamula kiyi? Ine ndinachotsa chakudya pakamwa pa ana anga miyezi yonse ya njala. Afunseni ngati anagonapo ndi njala."

"Ndipo mudzi wonse ukudziwa mmene amamezera," anayankha a Gwaza. "Tikupatseni nkhokwe inu, wamasiye aliyense wodzapempha adzamveka pamsika dzuwa lisanalowe."

"Bola ine ndimanena pamaso! Uyu wakhala cheteyu mumufunse zimene ankawanong'oneza. Ndinamumva ndili pakhomo."

Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa Nangondo. Iye anaimirira pang'onopang'ono, nakonza mpango wake.

"Zimene wamva Nachisale n'zoona. Munthu uyu ndimadana naye, ndipo ndidzafa ndikudana naye. Koma pamene nonsenu munagwira mphuno, ine ndinagwira thupi lake. Kiyi sindinaupemphe. Mukandipatsa, palibe mtsikana wapathupi adzabwerere ndi dengu lopanda kanthu. Koma ndinene pano kuti mumve: aliyense amene anakweza dzanja tsiku lodula mwana wanga, asadzabwere pakhomo pa nkhokwe ine ndili moyo."

Munali anthu ambiri m'tchalitchimo amene anakweza dzanja tsiku limenelo, ndipo ena mwa iwo anali atakalamba, minda yawo itapita ndi madzi. Phokoso linabuka. Abale a a Gwaza anayamba kuloza zala amayi a pamsika, amayi a pamsika anawabwezera mawu osayenera kunenedwa m'nyumba ya Mulungu. Mkulu wina anatuluka akutukwana. Abusa anamenya tebulo mpaka dzanja kuwawa, ndipo pamene phokoso linatsika anatembenukiranso kwa wodwala uja.

A Kachingwe anawayang'ana atatuwo m'modzi m'modzi. Palibe mwa iwo amene ankawakonda, ndipo iwonso sankakonda aliyense wa iwo. Anakumbukira madzi a mumtsinje akuwomba m'khosi mwa a Gwaza, munthuyo akupuma mwabefu koma osawataya. Munthu wotere angathe kuyenda mtunda wautali kukafuna chimanga nkhokwe ikauma, koma adzafuna wolandira aliyense amuimbire nyimbo, ndipo anali atanamapo kale pofuna kiyi womwewu. Anakumbukira phala la Nachisale, lofunda, losajomba, ndi kuseka kwa pachitsime. Kwa ameneyu palibe angabwerere chimanjamanja, koma palibenso angabwerere ndi ulemu wake. Anakumbukira manja a Nangondo pazilonda zawo, ndi mawu ake m'khutu. Ameneyu amadziwa kugwira munthu amene onse anyansidwa naye, amadziwa kusunga chinsinsi cha wosauka, koma wanena yekha poyera kuti ena adzawamana. Ndipo a Kachingwe ankadziwa bwino lomwe amene anamuphunzitsa kumana.

Anatsegula pakamwa popotoka paja.

"Moyo wanga," anatero movutikira, "uli mwa onse atatu. Ndipo onse atatu... anandilanga. Ine ndinasankha molakwa zaka zonsezi pakhomo pa nkhokwe. Lero musandisankhitsenso."

"Ayi, tchulani!" anakuwa a Gwaza. Nachisale anaseka mwachipongwe. Nangondo anangowayang'ana, ulendo woyamba kuwayang'ana kumaso, osaphethira.

Dzuwa linapendeka anthu akukanganabe, ndipo anabalalika osatseka ndi pemphero, aliyense akulankhula zake m'njira.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, njala ili pafupi ndipo nkhokwe siingakhale yotseka. Wina anataya chuma chake naika moyo pangozi, koma ankafuna udindo ndi kutamandidwa. Wina anamana ana ake kuti adyetse mdani, koma anamuvula ulemu pamaso pa mudzi. Wina anagwira ntchito imene onse anaithawa nasunga chinsinsi, koma anaichita ndi chidani chimene sakufuna kuchisiya. Mukanakhala inu pampando wa a Kachingwe, mukanati ndani mwa atatuwa anatumikiradi mnzake, ndipo chakudya cha amasiye mukanachisiya m'manja mwa yani?