Mwatitha Anachedwa ndi Moto

Kalekale, dziko litatopa kudyetsa anthu, anthuwo anavula matupi awo ngati malaya akutha. Nzeru zawo, mawu awo ndi mitima yawo anazilonga m'zombo zachitsulo, n'kuuluka kupita kumwamba. Munthu aliyense anasanduka chombo. Mudzi wawo unali pakati pa nyenyezi, wopanda nyumba, wopanda munda, wopanda chitsime.

Ndikuona ena mwayamba kale kusirira. Musafulumire.

Chombo chilichonse chinali ndi moto m'mimba mwake, ndipo motowo ndiwo unali moyo. Ukayamba kuzilala, mbale wako ankabwera kudzakupalira wake, monga timachitira ife ndi phale. Koma kumwambako n'kutali. Mawu ukawatumiza, amafika kwa mnzako mawuwo atakalamba kale.

Panali zombo ziwiri za bere limodzi, Kachingwe ndi mlongo wake wamng'ono, Mwatitha. Kachingwe anali wofatsa, ankalondera kumalire a mudzi, kwa mdima ndi chisanu. Mwatitha anali wa macheza.

Nthawi ina Mwatitha akuotha nyenyezi yatsopano ndi anzake, mawu a Kachingwe anafika.

"Mlongo wanga, moto wanga ukuchepa. Dzandipalireko."

Mwatitha anati anyamuke, koma mnzake Nyokase anamuseka.

"Iwe, ukuthamangira chiyani? Chitsulo chimafa? Imfa tinaisiya pansi pamodzi ndi matupi."

Mwatitha anaona ngati n'zoona. Anatumiza yankho lalifupi: "Tadikirani, achimwene."

Anaotha, anacheza, anaiwala.

Patapita nthawi mawu anafikanso, onong'ona.

"Mlongo wanga, ndazimitsa nyali. Ndazimitsa mainjini. Ndangosiya makutu kuti ndikumve."

Apa mtima wa Mwatitha, ngakhale unali m'chitsulo, unasweka. Sanatsanzike n'komwe. Anauluka, anauluka, anauluka. Njira yonse ankangofuula kuti, "Achimwene, ndili panjira. Achimwene, limbani mtima."

Ali pakati pa ulendo anakumana ndi mawu achitatu.

"Mlongo wanga, yankho lako landipeza. Wati ndidikire. Chabwino, ndikudikira."

Mwatitha anakondwera. "Ali moyo," anatero. Wosauka, anaiwala kuti mawuwo anali okalamba.

Pambuyo pake sikunabwerenso mawu ena.

Atafika kumalire anamupeza Kachingwe ali zii, chisanu chitamata thupi lonse, makutu ataloza kumene Mwatitha ankachokera. Anagogoda.

"Odi, achimwene. Ndine Mwatitha. Ndabwera ndi moto."



Anathira moto koyamba, nyali zinayaka. Anathira kachiwiri, mainjini analira. Anathira kachitatu, chombo chonse chinawala ngati nyumba ya ukwati. Koma mwini nyumba munalibe. Moto utazima, nzeru zake, mawu ake ndi mtima wake zinafufutika zonse.

Pamenepa ine pamandiwawa. Mwa mawu onse a mlongo wake, amene Kachingwe anawamva ndi aja okha akuti "tadikirani". Ena onsewo anafika pakhomo potseka.

Anzake a Mwatitha aja anabwera, Nyokase ali pambuyo, nyali zake atazizimitsa ndi manyazi.

"Tsono timatani?" anafunsana.

Palibe ankadziwa. Nyimbo za maliro sanazitenge pochoka pansi, ankati n'katundu wopanda ntchito. Anangoima mozungulira.

"Ndikawaika ndekha," anatero Mwatitha.

Anamubereka Kachingwe kumbuyo, n'kumanga zolimba. Anafuna kupita naye kwawo kwenikweni, kumene kunagona mayi awo, koma njira ya kudziko palibe ankaikumbukira. Mpaka lero akuyendabe, nyenyezi ndi nyenyezi, kufunsa kumene kuli dothi la kwawo.

Inu mukumva nthanoyi, zengerezu adalinda kwawukwawu. Munthu akafika ponena kuti "ndithandize", vuto lake lakalamba kale. Musamuuze kuti adikire.

Yanga yathera pamenepa. Amene ali ndi mbale wake, akamuone.